Chikondi sichiyezedwa ndi kukula kwa mtanda



M'makomo ambiri, munthu akasiya kuyenda chifukwa cha sitiroko, ngozi kapena ukalamba, mbale yake ndi imene imayamba kukula. Amamuikira mtanda waukulu, tiyi amamuthirira shuga wochuluka, ndipo aliyense wodzazonda amabwera ndi mandasi, buledi kapena botolo la Sobo. Zonsezi zimachitika ndi mtima wabwino. Koma ife tikuti chisoni chotere chikuwonjezera matenda pa abale athu. Tikutinso ntchito yokonza zimenezi si ya mwini thupi yekha. Ndi ya amene amagula, amene amaphika, amene amapakula, ngakhalenso amene amayendetsa mzikiti.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno, mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Ena mwa iwo vuto lawo ndi la kuyenda. Alipo amene anadwala poliyo ali ana, amene anavulala msana pa ngozi ya galimoto kapena ya kabaza, amene anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga, komanso agogo amene mawondo anawakana. Ambiri a ife tikatchula magulu amenewa tikuona nkhope ya munthu wa pakhomo pathu.

Tiyambe ndi mmene thupi limagwirira ntchito. Chakudya chimapatsa thupi mphamvu, ndipo mphamvu imene sinagwire ntchito thupi limaisunga ngati mafuta. Bambo amene ankalawirira kumunda kapena ankapalasa njinga tsiku lonse ankatha mphamvu ya mitanda itatu popanda vuto. Bambo yemweyo akayamba kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, minofu ya miyendo imafwota, ndipo thupi limafuna chakudya chochepa kuposa kale. Mbale ikakhala yomwe ija, chotsalacho chimaunjikana pang'onopang'ono, makamaka pamimba.

Tiwerengere limodzi za shuga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masipuni aang'ono 12, ndipo limati ndi bwino koposa kuchepetsa mpaka theka la muyezo umenewu. Agogo akamwa makapu 3 a tiyi patsiku, kapu iliyonse masipuni 4, afika kale pa 12, thobwa ndi zakumwa za m'botolo tisanaziwerenge. Mafuta ophikira nawo ndi olemera: sipuni yaikulu imodzi ili ndi mphamvu yofanana ndi masipuni aang'ono 7 a shuga. Mandasi, zitumbuwa, samusa ndi tchipisi zimamwa mafuta ambiri m'chiwaya.

Kwa munthu wovutika kuyenda, kilogalamu iliyonse yowonjezera ili ndi mtengo wake. Woyendera ndodo amayamba kumva kupweteka mapewa ndi mikono. Wa pa njinga ya olumala amalephera kudzisamutsa yekha kuchoka pabedi kupita panjinga, zimene kale ankazichita. Khungu la m'matako ndi m'chiuno limapanikizika n'kutuluka zilonda zovuta kupola. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera, ndipo amene anagwidwapo ndi sitiroko amakhala pachiopsezo chogwidwanso. Womunyamula, amene kawirikawiri amakhala mkazi wake kapena mwana wamkazi wa pasukulu, amayamba kudandaula msana. Munthu akalemera amayenda mochepa, akayenda mochepa amalemeranso, mpaka tsiku lina Ijumaa imamupeza ali m'nyumba chifukwa palibe wotha kumukweza.

Tikudziwa zimene ena anganene. Kwathu kuno kunenepa kumaoneka ngati chizindikiro cha mtendere, ndipo wodwala akayamba kuchepa thupi anthu oyandikana nawo amayamba manong'onong'o akuti akumumana chakudya. Mayi wosamalira apongozi ake amaopa mawu amenewa, ndipo mantha akewo ndi omveka. Koma tifunse chilungamo: mbale ya wodwala tikuidzaza chifukwa cha thupi lake kapena chifukwa cha maso a anthu? Wodwala amene watsika makilogalamu pang'ono n'kuyambanso kudzikokera yekha panjinga wasamalidwa bwino kuposa wonenepa amene sangathe kutembenuka pamphasa.

Ena anganene kuti m'dziko lomwe njala imativuta chaka ndi chaka, kukamba zochepetsa thupi ndi nkhani ya olemera. Pali choona m'mawu amenewa. Alipo anthu aulumali amene vuto lawo ndi kuchepa thupi, monga ana ovutika kutafuna ndi kumeza, kapena odwala amene chilakolako cha chakudya chinatha. Amenewa akufunika chakudya chowonjezera ndiponso kuonedwa kuchipatala, ndipo nkhani ino siikunena iwo. Komabe umphawi nawo umanenepetsa mwa njira yake. Ndalama ikachepa, chimene chimadzaza mbale ndi nsima, ndiwo zimangokhala zonyambitira. Munthu amakhuta, thupi limakula, koma zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda zimasowa.

N'chifukwa chake sitikunena kuti wodwala azigona ndi njala. Tikunena kuti mbale isinthe maonekedwe. A zaumoyo m'dziko muno amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Kwa munthu wofunika kutsika thupi, theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, kholowa kapena therere. Theka lotsalalo ligawidwe pawiri: mbali imodzi nyemba, nandolo, khobwe, soya, usipa, matemba kapena dzira, mbali inayo nsima, mtanda umodzi wa saizi ya chibakera cha mwini wakeyo. Nsima ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga amakhalitsa m'mimba ndipo amathandiza kupewa kudzimbidwa, vuto limene limasautsa anthu ambiri okhala malo amodzi. Zomanga thupi zisachepetsedwe, popeza ndi zimene zimasunga minofu ya mikono ndi kupoletsa zilonda.

Mafuta aziyezedwa ndi sipuni m'malo mongopendeka botolo pamphika. Masamba otendera nsinjiro safunanso mafuta ena. Mchere, malinga ndi WHO, usafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, kuphatikizapo umene uli kale mu nsomba zouma ndi m'zokometsera za m'mapaketi. Shuga wa mu tiyi achepetsedwe sipuni imodzi sabata iliyonse kuti lilime lizolowere. Pakati pa chakudya, gwafa, papaya, lalanje kapena masuku zilowe m'malo mwa mandasi. Wodwala impso, wovutika kumeza, ndi amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin ayambe afunsa kuchipatala asanasinthe kadyedwe.

Pali chinthu china chimene mabanja sachikamba poyera. Anthu ambiri ovutika kuyenda amadzimana madzi mwadala chifukwa kupita kuchimbudzi ndi chintchito, ndipo amachita manyazi kudzutsa munthu usiku. Zotsatira zake ndi kudzimbidwa ndi matenda a chikhodzodzo. Kuwauza kuti azimwa madzi sikuthandiza ngati njira ya kuchimbudzi ili ndi miyala ndipo mkati mulibe pogwira. Mpando wamatabwa wobowola pakati, mtengo wogwirira m'mbali mwa khoma ndi chitseko chotakasuka ndi ntchito imene kalipentala wa m'dera angaigwire. Kadyedwe kabwino kamayambiranso pamenepo.

Nanga tidziwa bwanji kuti zikuyenda, poti munthu wosatha kuimirira sangakwere sikelo? Tepi ya telala kapena chingwe chikwanira. Yezani mimba podutsa pa mchombo kamodzi pamwezi, m'mawa asanadye, n'kulemba m'kope. Madokotala amalangiza kuti muyezo wa mimba usapyole theka la msinkhu wa munthu. Kutsika kukhale kwa pang'onopang'ono. Munthu wolemera makilogalamu 90 akatsika ndi 4 kapena 5 pa miyezi ingapo, shuga ndi BP zimayamba kale kumvera. Tiyi ndi zitsamba zimene amalengeza kuti zimasungunula mafuta m'masiku ochepa zisalowe m'nyumba. Zambiri zimangotsegula m'mimba, ndipo kwa munthu wovutika kufika kuchimbudzi kumeneko ndi kumuzunza.

Ngakhale miyendo italephera, thupi likhoza kugwirabe ntchito. Mu 2020 WHO inatulutsa malangizo ophatikizapo anthu aulumali, onena kuti wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, ndipo wosakwanitsa ayambe ndi zochepa zimene angathe. Munthu ali pampando angathe kunyamula mabotolo a madzi kapena a mchenga, kukoka mphira wa chubu cha njinga womangirira pa zenera, kudzikweza ndi mikono, kapena kudziyendetsa yekha panjinga kuzungulira bwalo. Kutokosa chimanga, kusenda mtedza ndi kuluka mphasa nazonso ndi ntchito za thupi. Mphindi 10 m'mawa, 10 masana ndi 10 madzulo zakwana 30. Amafizo, monga a ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi a m'zipatala zikuluzikulu, ndi amene angasonyeze zoyenera munthu aliyense, makamaka amene anagwidwa ndi sitiroko kapena anavulala msana.

Pa zonsezi, mwini thupi akhale ndi mawu. Munthu wamkulu amene miyendo yafooka nzeru zake zilipobe. Kumubisira shuga kapena kumudzudzula pamaso pa alendo kumangobala mkwiyo. Khalani naye pansi, mumufotokozere, asankhe yekha choyambira. Amene angathe kuphika apatsidwe tebulo lalifupi ndi mbaula pamalo ofikirika. Ndipo banja lonse lidye mofanana. N'kovuta kuti agogo akhutire ndi bonongwe pamene ena onse akudya tchipisi pakhonde lomwelo.

Chipembedzo chathu chili kumbali ya muyezo. Qur'an mu Surah Al-A'raf imaloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola malire, ndipo mu Hadith yolandiridwa ndi Imam Tirmidhi, Mtumiki Muhammad (SAW) anaphunzitsa kugawa mimba patatu: chakudya, chakumwa ndi mpweya. Thupi ndi amana. Pamene munthu sangathe kudziphikira, gawo la amana imeneyo limakhala m'manja mwa womupakulira.

Mwezi wa Ramadhan umafuna kusamala kwapadera, chifukwa futari ya m'makomo ambiri imadzaza ndi zokazinga ndi zotsekemera, ndipo ena amatuluka m'mwezi wosala atalemera kuposa mmene analowera. Tende ziwiri kapena zitatu ndi madzi, kenako Swala, kenako chakudya cha muyezo, ndiponso daku wa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, zimamusunga munthu bwino. Tikumbukirenso kuti Surah Al-Baqarah inapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku ena, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa amapereka fidya. Wa matenda a shuga akambirane ndi dokotala komanso Shehe mwezi usanaoneke. Swaumu ndi ibada, isasandutsidwe njira yochepetsera thupi la wodwala.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti tili ndi mapempho atatu. Loyamba, pakhale njira yotsetsereka yolowera njinga ya olumala, kumbali ya abambo ndi ya amayi yomwe, ndi malo a wudhu okhala ndi pokhalira. Munthu amene ali ndi kopita kasanu patsiku, kapena kamodzi pa sabata, amakhala ndi chifukwa chotulukira m'nyumba. Mtumiki (SAW) analola Swahaba Imran bin Husain, amene ankadwala, kuswali chokhala, choncho mipando ingapo kumapeto kwa mzere siichotsa ulemu wa mzikiti. Lachiwiri, katundu wa sadaka wopita kwa odwala asamangokhala shuga, mafuta ndi mpunga. Muikemo nyemba, mtedza, soya ndi usipa. Lachitatu, pemphani wa zaumoyo wa m'dera kuti nthawi ndi nthawi azidzayeza BP ndi shuga Ijumaa ikatha, ndipo amene sangafike ayenderedwe kunyumba.

Inu ophunzira, ambiri mwa inu ndi amene mumatumidwa kumsika ndi kupereka tiyi kwa agogo. Zimene mumaphunzira m'kalasi za magulu a zakudya zigwire ntchito pakhomo. Lankhulani mwaulemu, werengani masipuni, sungani kope la muyezo, ndipo madzulo khalani nawo mphindi 10 mukunyamula mabotolo limodzi. Inu makolo, ulendo wotsatira wokazonda wodwala mudzanyamule mapapaya, mazira kapena mbale ya nyemba, ndipo mukafika mudzayambe mwafunsa chimene iye mwini akufuna kuti azithanso kuchita yekha.

Allah apereke machiritso kwa odwala athu, ndi mphamvu ndi kupirira kwa onse amene akuwasamalira. Ameen.