Mukagula nsato, yambani mwaisiya

Achinyamata athu amene amakagwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Joni amabwerako ndi nkhani zambiri, koma imene anthu amakana kukhulupirira pa Migowi ndi ya mabwana oweta njoka pabalaza. Njoka yamoyo, m'bokosi lagalasi pafupi ndi TV, yokhala ndi dzina, ndipo ikadwala amathamangira nayo kwa dokotala wa ziweto. Tsopano ena mwa achinyamatawa ayamba kufunsa ngati angawete yawo kuno kumudzi. Mwana wa mchemwali wanga anachita kundionetsa chithunzi pa foni n'kunena kuti, "Amalume, iyi ndi yofatsa kuposa mphaka." Pa kufatsako sananame. Koma kufatsa komweko n'kumene kumaphetsa njokazi m'manja mwa eni ake.

Imene amaweta kwambiri ndi ball python, kansato ka kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ilibe poizoni, ndipo ikakula imangofika mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ikaopsedwa sithamangira kuluma, imadzizinga ngati nkhata mutu n'kuubisa pakati. Ku Ouidah m'dziko la Benin kuli kachisi amene nsato zimenezi zimalemekezedwa, koma Benin yemweyo pamodzi ndi Togo ndi Ghana ndi amene atumiza zambiri kunja, zoposa 3 miliyoni kuchokera m'ma 1970. Alenje amafukula zazikazi zokhala ndi mazira, mazirawo amakaswetsa kumafamu, tiana n'kukwezedwa ndege. Mu 2021 bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mtunduwu m'gulu la nyama zoyandikira kukhala pachiopsezo. Ndipo wogula adziwe kuti akulowa ukwati wautali: zaka 20 mpaka 30 n'zachizolowezi, ndipo ina kumalo osungira nyama ku St Louis ku America inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka pafupifupi 62.

Munthu akafika ndi chiweto chatsopano, mtima umafuna achigwire, achionetse kwa anzake, ajambulitse nacho. Kwa nsato imeneyi palibe choipa choposa chimenecho. Kwawo kutchire imatha usana wonse ili m'una wa mbewa kapena m'mphako za pachulu, n'kumatuluka kukada. Ulendo wa m'kathumba, fungo lachilendo, phokoso la wailesi, zonsezi zimaisokoneza, ndipo ikasokonezeka chinthu choyamba kusiya ndi kudya. Choncho sabata yoyamba, ngakhale ziwiri, ntchito ya mwini wake ndi kusintha madzi basi. Kuigwira kudikire mpaka itadya bwinobwino kawiri kapena katatu. Ikadzikulunga m'dzanja lanu musanyadire kuti yakuzolowerani. Ikuopa.

Bokosi lokongola loonekera mbali zonse limasangalatsa alendo, osati njoka. Chimene imafuna ndi pobisala pawiri, pena kumbali yofunda, pena kumbali yozizira, kuti isamasankhe pakati pa kubisala ndi kuwotha. Kamphika kadothi kovundikira, kogumula pang'ono m'mphepete kuti pakhale khomo, kamakwanira, bola kakhale kothina moti msana wa njoka uzikhudza m'mbali. Pansi muyale nyuzipepala masabata oyamba, chifukwa papepala m'pamene mungaone msanga tinthata takuda timene timayamwa magazi pansi pa mamba, komanso chimbudzi chake ngati chili bwino. Utuchi wa paini kapena wa mkungudza, umene amisiri a matabwa kuno angakupatseni ulere, musauyerekeze n'komwe, mafuta ake amawononga mapapo a njoka. Chivundikiro chikhale ndi loko. Nsato ili ndi mphamvu zokankha kuposa mmene imaonekera, ndipo mwala wosanjika pamwamba suigwira.

Vuto lalikulu kwa ife ndi kutentha. Anthu amaganiza kuti poti ndi njoka ya mu Africa ndiye kuti kuno ili kwawo. Togo si Phalombe. Mbali yofunda ya bokosi imafunika madigiri 31 kapena 32, yozizira 25 mpaka 27, ndi chinyezi cha pafupifupi 60 peresenti. Ndiye ganizirani usiku wa mu Juni kapena Julayi kunsi kwa Michesi, chiperoni chitakuta phiri, ife tomwe titafunda mabulangete awiri. Njoka sipanga yokha kutentha m'thupi. Ikazizidwa chakudya chimaola m'mimba, imayamba kupuma mwaphokoso, thovu kukamwa, ndipo dokotala wodziwa za njoka simumupeza pa boma. Pamafunika kachipangizo kotenthetsa kokhala ndi thermostat, chifukwa popanda choletsa njoka imagona pamoto mpaka kupsa mimba osasuntha. Magetsi akathima, monga amachitira, botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje lingapulumutse usiku umodzi. Mbaula ayi, utsi wa makala umapha ndi anthu omwe m'chipinda chotseka.

Pa chakudya wina aseka, ati mbewa kuno n'zosayamba. Zoona, koma zopanika pa ndodo zimene timagula m'mbali mwa msewu, zowiritsa ndi mchere n'kuumitsa, ndi ndiwo zathu, si zake. Zokumba kumunda zimabwera ndi njoka zam'mimba, ndipo khoswe wa m'nkhokwe akhoza kukhala atadya kale mankhwala. Oweta enieni amaweta mbewa zawozawo kapena kugula zoumitsa mufiriji, zimene zikutibwezeranso ku nkhani ya magetsi ija. Khoswe wamoyo wosiyidwa m'bokosi usiku wonse amatha kuiguguda njoka mpaka kuoneka mnofu, iyo ili phee. Yaing'ono imadya kamodzi pa sabata, yaikulu kamodzi pa masabata awiri, ndipo nthawi zina imangonyanyala miyezi osadwala kanthu.

Nthawi yoigwira ikakwana, dzanja lichokere m'mbali, osati pamwamba pomwe adani ake amachokera. Muinyamule chapakati ndi manja onse awiri, osaitsina pakhosi, mphindi 10 kapena 15 n'kuibwezera. Ikangodya ipatseni masiku awiri, apo ayi isanza zonse. Maso akachita mbuu ndiye kuti ikufuna kufundula, sikuona bwino, isiyeni. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, pakuti njoka zimanyamula majeremusi a salmonella otsegula m'mimba, ndipo ana osakwana zaka 5 asaigwire.

Palinso boma. Mtunduwu uli pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, limene Malawi analowa mu 1982, kutanthauza kuti sudutsa malire popanda zikalata. Woibisa m'chikwama podutsa pa Mwanza kapena pa Muloza ndi wozembetsa nyama, ndipo chilolezo chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Chimene ndimaopa kwambiri ndi mnyamata amene, poona kuti ya ku Joni ndi yodula, apita kudambo kukatola kamwana ka nsato yathu. Imeneyo ndi nyama ina. Imapitirira mamita 4, imameza mbuzi, sizolowera dzanja, ndipo ndi yotetezedwa ndi lamulo la nyama zakutchire limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017.

Ine sindingaiwete, ndipo chifukwa changa si magetsi okha. Kuno njoka si nyama wamba. Madzi ndi miyala zitatsika mu Michesi mu Malichi 1991 n'kukokolola anthu mazanamazana, akuluakulu anati chinjoka chija Napolo chadutsa, ndipo dzinalo linamvekanso nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. M'mudzi mmene anthu amakamba za njoka zokhwimira ndalama, bokosi lagalasi kuchipinda silingamveke ngati zosangalatsa za achinyamata. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu likakwiya siliwerenga malamulo. Wotsimikiza mtima ayambe wakaonekera kwa a mfumu ndi chikalata chake m'manja, auze oyandikana nawo, njokayo aione masana. Akabisa, tsiku limene mwana wa pafupi adzadwale mwadzidzidzi, wolozedwa chala sadzakhala mwini njoka. Adzakhala agogo ake okhala nawo pakhomopo.