Wosema ziboliboli naye ali ndi dzina

Awerengi anga, tsiku lina pa msika wa Milange ndidaona mnyamata akugulitsa kampando kosema kwa mlendo wapaulendo. Kampandoko kadali kakuda chifukwa cha utsi, ndipo m'miyendo mwake mudali nkhope za anthu. Mtengo wake sudapose wa nkhuku imodzi. Nditamfunsa kuti adasema ndani, iye adati, "Kaya, n'zakale za agogo izi." Yankho limeneli lidandiwawa, ndipo ndati sabata ino tikambirane.

M'chaka cha 1906 mu mzinda wa Paris, m'dziko la France, katswiri wojambula zithunzi Henri Matisse adagula kachiboliboli kochokera ku Congo nakaonetsa mnzake Pablo Picasso wa ku Spain. Chaka chotsatira, Picasso adalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Trocadéro momwe mudali zigoba ndi ziboliboli zomwe atsamunda adatuta kuno ku Africa ndi kwina. Mu 1907 momwemo adajambula chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon. Pa akazi asanu a pachithunzicho, awiri nkhope zawo zikunga zigoba. Anzake ena adachinyoza, koma ndicho chidatsegula njira ya kajambulidwe katsopano ku Ulaya. Lero chili ku New York.

Azungu adali atatopa ndi kujambula munthu monga momwe diso limuonera. Wosema wa ku Gabon kapena ku Congo sankafuna zimenezo. Ankatalikitsa mphuno, nakulitsa maso, kuti woona agwidwe nthumanzi kapena apereke ulemu. Azungu adatengera nzeru imeneyi, komabe nkumaitcha luso la anthu osatukuka. Maina a Picasso ndi Matisse ali m'mabuku, pomwe a ambiri mwa amisiri omwe adawatsegula maso palibe adawalemba.

Kuno kwathu nako ena mwa amishoni oyamba ankati Gule Wamkulu ndi zachikunja. Za kudambwe sitinena m'nyuzipepala ayi, koma dziwani kuti mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika guleyu, wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, komwe amisiri akhala akuphunzira kusema.

Onaninso Malangatana Ngwenya, yemwe adabadwira ku Matalana mu 1936 namwalira mu 2011. Zithunzi zake n'zodzaza nkhope zothithikana, maso otong'oka ndi mano akuthwa, zofotokoza mavuto a nthawi ya Apwitikizi. Apolisi a atsamunda adamtsekera m'ndende mu 1964. Iyeyu palibe angamutche mmisiri wosadziwika, chifukwa ntchito yake idayenda ndi dzina lake.

Tsono abale anga a m'mbali mwa phiri la Tumbine ndi a kutsidya ku Muloza, sindikuti musagulitse zosema, poti njala siidikira. Zatsopano gulitsani, koma mmisiri alembe dzina lake, mudzi ndi chaka pansi pake, ndipo atchule mtengo wolingana ndi thukuta lake. Za makolo, monga mipando, ndodo ndi ng'oma, funsani akuluakulu akadali moyo kuti adasema ndani, mulembe m'kope la mwana wa sukulu. Mnyamata uja adapita ndi ndalama ya nkhuku, koma dzina la yemwe adasema kampando kaja sadzalidziwanso.

Tionane sabata yamawa.