MAU A KALALIKI: Wakuba Ali M'denga



Miyezi yapitayi ndarama zotumiza kwa amai zinkangocepa. Nditakhala pansi ndi pensulo, ndinapeza kuti wakuba ali m'denga mwanga momwe, ndiye giza. Kutenthetsa madzi a malita 150 kucokera pa madigiri 15 kufika pa 60 kumadya mayuniti a magetsi pafupifupi 8, ndipo timasamba tsiku ndi tsiku.

Tsono ndinapempha cilolezo kwa eni nyumba, ndi kuitana pulambala wodziwa nchito yace. Gizayo sanaicotse ai. Anaika macubu a galasi pamwamba pa denga moyang'ana kumpoto, pakuti kuno dzuwa limapendekera kumeneko. Popeza thanki iri m'munsi mwa macubuwo, ndipo madzi otentha satsika okha, anaikanso kapampu koyendetsa madzi. Elementi anaisiya kuti izithandiza tsiku la mitambo.

Koma cenjerani. Mnzanga wina anagula mbale ya sola yochipa, yosatetezedwa ku cisanu, naiika yekha. Cisanu ca ku Joni ca mwezi wa June cinaumitsa madzi m'paipi, paipi inang'ambika, nyumba yonse inanyowa. Safunsa anadya phula.

Pemphaninso vavu yosakaniza madzi ozizira, cifukwa madzi a dzuwa amaocha ana.

Ndarama zoyambira nzambiri ndithu, ndinasunga nthawi yaitali. Koma mwezi uno amai alandira zokwanira.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
Kalaliki