Galu akayamba kutopa msanga, tisathamangire jekeseni wa ng'ombe

Chaka chatha, mvula itangoleka, mmodzi wa alimi amene anaphunzira pano anatiitana kumunda kwake chakumbali ya Shikabeta kuti tikaone mbuzi zake. Mbuzizo tinazipeza zili bwino. Chimene chinatiimitsa ndi galu amene anagona pansi pa nkhokwe. Anali wa zaka 4, yemwe nyengo zitatu anapirikitsa anyani ndi nguluwe m'chimanga cha mwini wake. Tsiku limenelo ankapuma mwabefu ngakhale anali pamthunzi, nkhope inali yotupa, maso atayera ngati mwalowa chifunga, ndipo nkhama zinali mbuu.

Mwini wakeyo anati: "Aphunzitsi, ndaona kuti ndi mtima. Ndamubaya kale wa ng'ombe kawiri, koma palibe chasintha."

Patapita masiku awiri galuyo anayamba kudzandira, miyendo inauma, ndipo anafa. Umu ndi mmene amafera galu amene walandira mankhwala a diminazene opitirira muyeso. Chaka chino mlimi uja akugona m'munda iye mwini.

Mlimiyo sanalakwitse ponena za mtima. Analakwitsa poganiza kuti matenda anayambira mumtimamo, ndiponso kuti jekeseni wochiritsa ng'ombe angachiritse chamoyo chilichonse cha miyendo inayi. Maganizo athu ndi awa: kuno ku Rufunsa, mtima wa galu kapena mphaka kawirikawiri umafooka chifukwa cha zinthu zimene mlimi angathe kuziletsa. Ntchito ya mlimi ndi kuona zizindikiro msanga ndi kuzifotokoza bwino. Kupeza dzina la matenda ndi kuyeza mankhwala ndi ntchito ya dotolo wa ziweto.

Tiyambe ndi mtimawo. Uli ndi zipinda 4, ndipo pakati pa zipindazo pali tizitseko timene timalola magazi kupita mbali imodzi yokha. Mbali ya kumanja imakankhira magazi kumapapo, ya kumanzere imawatumiza m'thupi lonse. Ya kumanzere ikafooka, madzi amadzaza m'mapapo, ndipo nyama imapuma mofulumira ndi kutsokomola, makamaka usiku. Ya kumanja ikafooka, madzi amasonkhana m'mimba, ndipo mimba imatupa pamene nthiti ndi msana zikuonekera. Ambiri akaona zimenezi amati ndi njoka za m'mimba, ena amati galu wadyetsedwa ndi adani.

Mabuku amene tinaphunzira ku koleji amatchula matenda awiri aakulu a mtima wa galu. Oyamba ndi kutha kwa katseko ka kumanzere, kamene kamakhuthala ndi ukalamba mpaka magazi amabwerera m'mbuyo. Amenewa ndi ofala mwa agalu aang'ono okalamba, ndipo ku America amawerengedwa kuti ndi pafupifupi magawo 75 pa 100 alionse a matenda a mtima wa agalu. Achiwiri ndi kutanuka kwa mnofu wa mtima, umene umapyapyala ndi kutaya mphamvu, ndipo amakonda mitundu ikuluikulu monga Doberman ndi Great Dane. Mwa amphaka vuto lofala ndi kukhuthala kwa mnofu wa mtima, kotero kuti chipinda chimachepa ndipo sichidzaza magazi mokwanira.

Matenda amenewa ndi enieni ndipo agalu athu okalamba amadwala nawo. Koma mabukuwo analembedwa kumene galu amagona m'nyumba ndi kufika zaka 12 kapena kuposa. Wathu amalondola otentha makala ndi ofula uchi kuthengo, ndipo adani a mtima wake amamupeza asanakalambe.

Mdani woyamba ndi kashembe. Boma lathu lili pakati pa chigwa cha Luano ndi nkhalango ya Lower Zambezi, ndipo mtsinje wa Luangwa uli chakum'mawa. Konseko ntchentche imeneyi ilipo. Ikaluma galu imasiya m'magazi kachirombo kotchedwa Trypanosoma brucei, kamene David Bruce anakapeza m'ziweto za ku Zululand m'ma 1890. Ng'ombe zathu zimatha kukhala nako kwa nthawi, koma galu kamamugwetsa m'masabata owerengeka. Thupi limatentha, nkhope ndi khosi zimatupa, maso amachita chifunga, magazi amachepa, ndipo kachiromboko kamalowa mu mnofu wa mtima ndi kuutupitsa. Zizindikiro za galu wa ku Shikabeta zinali zimenezi.

Mdani wachiwiri ndi nkhupakupa. Zimapatsa galu kachirombo ka Babesia kamene kamaswa maselo ofiira a magazi. Nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi, ndipo mtima umathamanga kwambiri poyesa kuzungulitsa magazi ochepa amene atsala. Mwa tiana ta agalu, njoka zoyamwa magazi m'matumbo zimachita chimodzimodzi.

Mdani wachitatu timamusunga tokha m'mashedi athu. Zakudya zina za nkhuku za nyama zimakhala ndi mankhwala oletsa matenda a m'matumbo, monga monensin ndi salinomycin, amene amaononga minofu ndi mtima wa galu. Keke ya njere za thonje ili ndi poizoni wotchedwa gossypol. Ng'ombe yaikulu imamupirira, koma mwa galu ndi nkhumba amafooketsa mtima pang'onopang'ono. Thumba losiyidwa losamanga likhoza kupha mlonda wa pakhomo.

Tsono mlimi aone chiyani? Choyamba, awerenge mpweya. Galu kapena mphaka akagona tulo pamthunzi, yang'anani nthiti. Kukwera ndi kutsika ndi mpweya umodzi. Werengani kwa masekondi 30 pa wotchi ya foni ndi kuwirikiza kawiri. Nyama yathanzi siifika 30 pa mphindi imodzi ili m'tulo. Ikapitirira pamenepo masiku awiri otsatizana, pali vuto m'chifuwa. Chachiwiri, akweze mlomo ndi kuona nkhama. Zikhale zofiirira, ndipo mukazidina ndi chala mtundu ubwerere masekondi 2 asanathe. Chachitatu, aike dzanja pachifuwa kuseri kwa chigongono cha kumanzere ndi kumva kugunda. Galu wamkulu wopumula amagunda pakati pa 60 ndi 140 pa mphindi, mphaka amathamanga kuposa apo. Kugunda kodumphadumpha, kapena kunjenjemera pansi pa dzanja ngati injini, ndi kofunika kukanena. Chachinayi, akumbukire khalidwe. Akale anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ifenso tinene kuti galu wolimba satsalira m'mbuyo pachabe. Amene kale ankatsogola popita kumunda akayamba kukhala pansi panjira, kukomoka, kapena kukana kugona chammbali usiku, akutiuza kanthu.

Pano tichenjeze mwamphamvu. Galu amene akutuluka dovu, wasintha khalidwe mwadzidzidzi, kapena akuoneka ngati fupa lamutsamwa, musamulowetse chala m'kamwa. Chimenecho chingakhale chiwewe. Mutsekereni, chotsani ana, ndipo itanani a zanyama.

Mphaka amabisa matenda kuposa galu, ndipo wodwala mtima satsokomola kawirikawiri. Mukamuona akupuma ndi pakamwa potsegula, nthawi yatha kale, musamuthamangitse kapena kumufinya pomunyamula. Nthawi zina magazi oundana amachoka mumtima ndi kutseka mtsempha wopita kumiyendo yam'mbuyo. Mphaka amalira, miyendo imazizira ndi kulobodoka, ndipo eni ake amaimba mlandu ana a pafupi kuti amuthyola msana. Pali chinanso chimene tonse tingakonze. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake ku yunivesite ya California ku Davis anaonetsa kuti mphaka wosowa taurine, michere imene imapezeka m'nyama ndi m'nsomba, mtima wake umatanuka, ndipo akaipatsidwa umabwerera mwakale. Nsima ndi masamba zilibe michere imeneyi. Mphaka wogwira makoswe amadzipezera yekha, koma wotsekeredwa m'nyumba ndi kudyetsedwa mkute wokha amafunika tikapenta kapena tinyama.

Mukaona zizindikirozi, pitani kwa wothandiza dotolo wa ziweto wa m'kampu yanu kapena ku ofesi ya za ziweto ya boma. Iye adzayeza kutentha kwa thupi, adzamvetsera mtima ndi mapapo, ndipo kadontho ka magazi a kukhutu kakaikidwa pa galasi ndi kuonedwa pa maikulosikopu, kachirombo ka kashembe kapena ka nkhupakupa kangathe kuoneka. Kuyeza kozama, monga X-ray yoonetsa kukula kwa mtima ndi madzi a m'mapapo, kapena sikani yoonetsa tizitseko tikugwira ntchito, kumachitika ku Lusaka, monga ku chipatala cha nyama cha Samora Machel School of Veterinary Medicine pa yunivesite ya Zambia, mumsewu wathu womwewu wa Great East, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku boma la Rufunsa.

Nanga n'chifukwa chiyani tikuletsa kubaya nokha, pamene mankhwala ake ndi omwewo? Zoona, diminazene, amene timagula ndi mayina a Berenil kapena Veriben, amachiritsanso agalu. Koma kapaketi kakang'ono ka magalamu 2.36 kanapangidwira ng'ombe ya makilogalamu 300. Galu wa makilogalamu 15 ndi gawo limodzi mwa 20 a ng'ombe imeneyo. Ng'ombe imapirira mukapitiriza pang'ono. Galu sapirira, ndipo jekeseni wopitirira kapena wobwerezedwa msanga amaononga ubongo wake kosabwerera. Palibe amene angayeze gawo limenelo ndi maso. Chimodzimodzi Panado: mbulu umodzi wokha ukhoza kupha mphaka. Safunsa anadya phula.

Tikudziwa chimene ambiri akunena mumtima powerenga izi. Feteleza sanakwane, ana akufuna nsapato za kusukulu, ndiye mlimi akwere basi ndi galu kupita ku Lusaka? Funsoli ndi lolungama ndipo sitilipeputsa. Galu wa katseko kotha sachira. Mankhwala amangomuwonjezera masiku: furosemide amachotsa madzi m'mapapo, pimobendan amalimbitsa kugunda, ndipo kafukufuku wa EPIC wa mu 2016 anapeza kuti pimobendan amachedwetsa kufooka kwa mtima ndi miyezi pafupifupi 15 mwa agalu a mtima wokula. Koma amamwa tsiku ndi tsiku moyo wonse, ndipo mtengo wake banja la kumudzi silingaukwanitse. Sitidzauza munthu kuti agulitse mbuzi ya sukulu ya mwana chifukwa cha mapiritsi a galu wokalamba. Galu wotere mupumitseni ku ntchito, mumpatse mthunzi ndi madzi, muchepetse mchere m'chakudya chake, ndipo akafika povutika kupuma usana ndi usiku, pemphani dotolo amugoneke mwamtendere m'malo momutaya kuthengo.

Koma taonani kuti zambiri zimene tatchula sizili m'gulu limenelo. Matenda a kashembe ndi a nkhupakupa akapezeka msanga amachizika pa mtengo wosafika wa mwana wa mbuzi mmodzi. Kupha njoka za m'mimba miyezi 3 iliyonse, kuchotsa nkhupakupa ndi mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, kumanga matumba a zakudya za ziweto, ndi kusiya galu pakhomo popita m'nkhalango za kashembe, zonsezi mlimi aliyense angathe. Ndipo tikaika pa sikelo mtengo wa mankhwala ndi mtengo wa chimanga chodyedwa ndi anyani, kapena thumba loboola makoswe m'nkhokwe, galu ndi mphaka amaoneka kuti ndi antchito a pafamu monga ng'ombe yapagoli.

Pali chifukwa china chimene chimaposa chuma. Mtundu wina wa kachirombo kamene kamadwalitsa galu ndi umene umayambitsa kaodzera mwa anthu. Unapatsidwa dzina lakuti rhodesiense mu 1910, utapezeka mwa munthu amene analumidwa m'chigwa cha Luangwa, ndipo matendawa akhala akupezeka m'boma lathu lino. Galu wa maso achifunga akuuza banja kuti kumene anapita kuli kashembe wonyamula matenda. Amene anayenda naye akayamba kutentha thupi ndi kupweteka mutu, ndipo poyeza malungo osapezeka, auze a chipatala, kaya ku St Luke's ku Mpanshya kapena ku kiliniki yapafupi, kuti analumidwa ndi kashembe ndiponso kuti galu wadwala. Mawu amenewo angapulumutse moyo, pakuti kaodzera wa mtundu uwu amapha m'miyezi yochepa akapanda kuchizidwa.

Choncho pempho lathu kwa ophunzira a chaka chino ndi kwa inu amene munabwerera kale kuminda yanu ndi laling'ono. M'buku la pafamu, mmene mumalemba masiku a dibi ndi kubereka kwa mbuzi, patulani tsamba limodzi la galu ndi mphaka. Lembani tsiku la katemera wa chiwewe, tsiku la mankhwala a njoka, ndi mpweya wa m'tulo kamodzi pamwezi, kuti tsiku limene nambala idzakwere mudzakhale ndi poyerekezera. Pa katemera wa chiwewe, amene amalimbikitsidwa chaka chilichonse pafupi ndi pa 28 September, pemphani wobaya kuti amvetserenso pachifuwa. Ife kuno tidzayamba sabata yamawa ndi agalu awiri a kukhola la mbuzi. Bwerani ndi foni kapena wotchi, tidzawerengere limodzi.