Mankhwala a shuga a m'mabotolo ayesedwe kaye

M'mawa uliwonse ndikamapita ku ntchito ku Makata ndimadutsa anyamata atayala mabotolo a ufa wa chamwamba ndi masamba a nimu, akukuwa kuti zimenezi zimathetsa matenda a shuga. Azakhali anga adagula, n'kusiya mapiritsi akuchipatala. Patatha miyezi iwiri tidathamangira nawo kuchipatala ali lefuu, shuga atakwera zoopsa. N'chifukwa chake ndati ndilankhulepo.

Vutoli si laling'ono ayi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 ali ndi shuga. Pamene pali odwala ambiri chonchi, ogulitsa mabotolo sangasowepo.

Musandimve molakwa, amangwetu, sindikunyoza zitsamba. Metformin yemwe odwala shuga amalandira ku Queens chiyambi chake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Koma chitsambacho chili ndi poizoni. Akatswiri adachita kufufuza zaka zambiri mpaka mu 1957 pamene dokotala wa ku France, Jean Sterne, adasonyeza kuti metformin amathandiza odwala.

Nanga maluwa aja a periwinkle timadzala pakhomowa? Ku Jamaica anthu ankamwa masamba ake ngati tiyi pofuna kutsitsa shuga. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Canada atawayesa pa nyama, shuga sadatsike. M'malo mwake adaona kuti akuchepetsa maselo oyera a m'magazi, ndipo mapeto ake m'chomerachi mudatuluka vinblastine ndi vincristine, mankhwala a khansa. Vincristine yemweyu amathandiza ana odwala khansa kuno kwathu. Mwaona nanga? Kuyesa kudatsutsa mbiri yabodza n'kuvumbula phindu lenileni.

Kuyesako kuli ndi ndondomeko yake. Amayamba n'kutsimikiza mtundu wa chomeracho. Kenaka amachipereka kwa makoswe odwala shuga, n'kuona ngati shuga watsika komanso ngati chiwindi ndi impso sizidawonongeke. Zikatero amapeza mlingo, n'kuyesa pa anthu m'magulu awiri, ena omwa ena osamwa, kwa miyezi ingapo. Chamwamba chatsitsa shuga pa makoswe, koma pa anthu kafukufuku wake ndi wochepa ndipo zotsatira zake sizigwirizana. Khoswe si munthu.

Tisaiwale za mu 1995, pamene khwimbi la anthu lidakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe poganiza kuti uchiza Edzi. Edzi sidathe. Safunsa adadya phula.

Tsono ndikupempha sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS kuti ikhale pansi ndi asing'anga, iyese mitengo yathuyi, zotsatira zake zilengezedwe m'Chichewa pa wailesi. Nalo bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, lizifunsa aliyense wolemba pa botolo kuti "amachiza shuga" umboni wake.

Kwa inu amalonda anzanga a mu Limbe ndi m'tauni: chamwamba idyani ngati ndiwo, n'chabwino m'thupi. Koma mapiritsi musasiye, ndipo adokotala muziwauza chilichonse chimene mukumwa, chifukwa kuphatikiza mankhwala mwachisawawa kukhoza kugwetsa shuga mpaka munthu kukomoka. Azakhali anga adapulumuka. Wina sadzakhala ndi mwayi umenewu.