Nyumba ya Nambala 394 ndi Nchito ya Wosunga Zakale

M'komboni ya Chilenje mu Lusaka muli kanyumba kamene mlendo angakapitirire osaceuka, pakuti mamangidwe ace sasiyana ndi a nyumba zina zimene boma la atsamunda linali kumangira anthu akuda ogwira nchito m'tauni. Nambala yace ndi 394. M'menemo munakhala a Kenneth Kaunda ndi banja lao kuyambira mu Januwale 1960 kufikira mu Disembala 1962. Analowamo mwezi womwewo umene anatuluka m'ndende ndi kusankhidwa kukhala mtsogoleri wa cipani ca UNIP, ndipo anasamukamo pamene UNIP ndi cipani ca ANC ca a Harry Nkumbula zinapangana kuyendetsa boma pamodzi, iwo nakhala nduna. M'zaka zitatu zimenezo munagwa msonkhano wa pa Mulungushi wa mu 1961, cipolowe ca Cha Cha Cha, ndi masankho a mu Okutobala 1962. Mu 1968 Boma linalengeza nyumbayi kukhala cikumbutso ca dziko lonse, ndipo inakonzedwa kuti ioneke monga inalili mu 1962. Bungwe loyang'anira malo otere ndi la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989.

Munthu akafika pa nyumba yotere amaona zipinda, katundu wa m'nyumba, ndi galimoto monga ya Land Rover ija imene a Kaunda anali kuyendera pokopa anthu. Amacita cidwi, nabwerera kwao. Cimene saona ndi nchito ya munthu amene amacititsa kuti zinthuzo zikhale ndi tanthauzo, ndiye wosunga zakale. Ambiri amayesa kuti iye ndi mlonda, kapena wopukuta fumbi. Fumbi amapukutadi, koma cida cace cacikulu ndi buku la kaundula.

Mwambo wa nchitoyi ndi umodzi m'maiko onse. Cinthu ciri conse colowa m'nyumba yosungiramo zakale cimapatsidwa nambala yaceyace, imene kawirikawiri imayamba ndi caka cimene calandiridwa. Nambalayo imalembedwa m'buku losokedwa bwino, losathothoka masamba, ndi inki yosafufutika. Pambali pa nambala pamalembedwa dzina la cinthuco, msinkhu wace, cimene anacipangira, zilema zimene ciri nazo, dzina la wocipereka, tsiku limene anacipereka, ndi zonse zimene iye ananena za mbiri yace. Kenaka nambala yomweyo imaikidwa pa cinthuco, pamalo obisika. Pa mtengo kapena citsulo amayamba apaka kamankhwala koyera konga vanishi, nalemba pamwamba pace, kuti tsiku lina nambalayo ithe kucotsedwa osasiya bala. Pa nsalu amasokerera kansalu kena kolembedwa. Pa pepala amalemba ndi pensulo yofewa basi, inki ai. Bukulo limakhala ndi linzace losungidwa kwina, cifukwa cakudza siciimba ng'oma, ndipo moto ukadya nyumba ndi buku lomwe, ngakhale zinthu zopulumuka zimasanduka zosadziwika mwini.

Wina angafunse kuti kubvutika konseku n'kwa ciani pa mpando wamba. Yankho liri pa mpando womwewo. Banja likasamuka siliganiza za mbiri ya dziko. Limanyamula mapoto ndi mabedi, zina limapatsa abale, zina zimatha. Patapita zaka, Boma likafuna kubwezera nyumbayo mwakale, zinthu zimacokera kosiyanasiyana. Zina ndi zenizeni zimene banjalo linagwiritsa nchito. Zina ndi zofanana nazo cabe, za nthawi yomweyo, zoikidwa kuti cipinda cisaoneke capululu. Palibe colakwa pa kutero, ndipo nyumba zotere pa dziko lonse zimatero. Koma mipando iwiri yopalidwa ndi mmisiri mmodzi siisiyana pa maso. Umodzi unakhalidwa ndi atsogoleri pokambirana za ufulu usiku, unzace unagulidwa pa msika. Cowasiyanitsa ndi mzere umodzi wa m'kaundula. Mzere umenewo ukasowa, woonetsa alendo amayamba kunena zimene anamva kwa amene analipo iye asanabwere, wotsatira naonjezapo kace, ndipo pakutha pa mibadwo iwiri mpando wa pa msika wakhala ndi mbiri imene sunaione.

Cifukwa cace wosunga zakale wabwino amadziwika ndi kulimba mtima kwace polemba mau akuti "sizidziwika". Ndi mau osakondweretsa, ndipo akuluakulu obwera kudzaona malo sawafuna. Komabe buku lobvomera pamene lalephera limakhulupirika pa zina zonse zimene lanena.

Nchito imeneyi iri ndi nyengo yace monga kubzala, ndipo pa nyumba ya ku Chilenje nyengoyo yapendeka. Pamene nyumbayi inali kutsegulidwa mu 1968, anthu odziwa za masiku amenewo anali amoyo ndi amphamvu, ndipo funso liri lonse linali ndi woliyankha. A Simon Kapwepwe anamwalira mu 1980, a Nkumbula mu 1983, a Reuben Kamanga mu 1996, a Mainza Chona mu 2001. Mai Betty Kaunda, amene anali kudziwa mphika uli wonse wa m'khichini mwao koposa wandale ali yense, anatisiya mu 2012. A Grey Zulu anamwalira mu 2020, ndipo a Kaunda eni ace pa 17 Juni 2021. Otsala ndi owerengeka, ndipo ambiri a iwo anali ana pa nthawiyo. Cimene cinafunsidwa ndi kulembedwa mbonizo ziripo, cimeneco ciripo. Cimene sicinafunsidwe cinalowa nao m'manda.

Kulemba kukatha pamatsala kuteteza, ndipo apa nyumba yokhalamo anthu imabvuta koposa nyumba yomangidwira dala kusungiramo zakale, monga Livingstone Museum imene inayamba mu 1934. Kumeneko zinthu zambiri zimakhala m'magalasi ndi m'zipinda zotseka. Koma m'nyumba ya banja bedi liyenera kukhala pamene bedi limakhala, pafupi ndi zenera, pofika dzuwa, fumbi ndi manja a alendo. Nyumbayonso payokha ndi cinthu cosungidwa, kotero munthu sangagumule khoma kapena kusintha mazenera monga afunira. Adani ace ndi omwe aja amene mai ali yense wa kumudzi amawadziwa. Ciswe cimalowera pansi nicidya mtengo m'kati, kunja kukuoneka bwino. Njenjete zimaboola zobvala, mphemvu ndi makoswe zimadya mapepala ndi zomatira za mabuku. M'dzinja cinyezi cimabweretsa nkhungu ndi dzimbiri, m'cilimwe kutentha kumang'amba matabwa. Dzuwa limafufuta inki ndi zithunzi pang'onopang'ono, ndipo cimene lafufuta sicibwerera.

Motero wosunga zakale amayendera zipinda ndi buku m'manja, kuyerekeza cimene aona lero ndi cimene cinalembedwa caka catha. Kaufa ka mtengo pansi pa tebulo ndi uthenga wakuti m'katimo muli kacirombo. Nsalu yogwidwa ndi tizirombo amaikulunga m'pulasitiki naiika m'firiji yozizira kwambiri kwa mlungu umodzi kapena iwiri, popeza mankhwala opopera amaononga nsalu ndi kudwalitsa anthu. Kalata yeniyeni saisiya pa khoma zaka ndi zaka. Amapacika cithunzi cace, yeniyeniyo naigoneka m'bokosi, mu mdima. Ndipo sakonza cinthu kuti cioneke catsopano. Mkwaso wa pa tebulo ndi mbali ya mbiri yace, ndipo mmisiri wacangu wokhala ndi penti angaononge m'tsiku limodzi zimene ciswe cikanatha zaka khumi.

Mapepala ali ndi lamulo lina lapadera, lakuti asasokonezedwe. Mtolo wa makalata ukapezeka m'kabati, umasungidwa monga mwini wace anausanjira, pakuti kalata yopanda tsiku imadziwika nthawi yace poona anzace oigundana nayo. Umo ndimo amagwirira nchito a National Archives of Zambia mu Lusaka, amene lamulo lao ndi la mu 1969, ndipo amasunga pakati pa zina mabuku amene ma DC anali kulembamo za maboma monga Fort Jameson, Petauke ndi Lundazi. Mapepala a cipani ca UNIP naonso anajambulidwa ndi makina ndi thandizo limene a British Library a ku London anapereka mu 2007. Kujambula kotere n'kwabwino, koma sikulowa m'malo mwa kaundula. Zithunzi zikwi zambiri zopanda maina m'kompyuta ziri ngati nkhokwe imene athiramo cimanga, mapira ndi nyemba pamodzi.

Nkhaniyi siithera mu Lusaka. Ufulu sunamenyedwere m'nyumba imodzi, ndipo m'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi muli mabokosi a citsulo pansi pa mabedi, osunga zimene nyumba ya Boma iri yonse ingakondwe kukhala nazo. Muli makhadi a cipani, malisiti a msonkho, makalata ocokera ku migodi ya ku Kabwe, ku Wankie ndi ku Joni, mamendulo a asilikari a nkhondo ya mu 1939 mpaka 1945, ndi zitupa. Zitupa zambiri zinatenthedwa pa Cha Cha Cha mu 1961, kotero cimene cinatsala ndi ca mtengo wapatali kwa olemba mbiri, ngakhale kuti mwini wace anali kudana naco. Kawirikawiri zinthu zimenezi zimatayika pa maliro, pogawa katundu, pamene mdzukulu aona mapepala ofiira nayesa zinyalala.

Banja lofuna kusunga zace lingatsate njira ya wosunga zakale popanda kugula kanthu koposa kope ndi pensulo. Mwana wa sukulu akhale pansi ndi agogo ace, atulutse cinthu cimodzicimodzi, acipatse nambala, nalembe m'kope kuti n'ciani, cinali ca yani, anacipeza kuti ndi liti, ndiponso dzina la amene wanena zimenezo. Pa cithunzi alembe kumbuyo ndi pensulo, mosatsindika, maina a onse oonekapo kuyambira kumanzere, pamodzi ndi mudzi ndi mfumu yao. Pepala long'ambika lisamatidwe ndi selotepi, cifukwa zomatira zace zimalowerera ndi kusiya banga losacoka. Lisapite nalonso ku makina omata pulasitiki ndi moto, amene afala m'matauni masiku ano, pakuti cimene camatidwa motero sicimatulika. Mapini ndi timawaya acotsedwe asanacite dzimbiri. Nyuzipepala zikhale pazokha, popeza pepala lace limafiira msanga ndi kudetsa anzace. Bokosilo likhale pa njerwa kapena pa thandala, kutali ndi khoma ndi podontha, ndipo litsegulidwe kamodzi mvula ikatha, pa tsiku louma, mumthunzi. Kope lija lilembedwe kawiri, linzace likakhale kwa mbale wa kumudzi wina.