Ngongole Yobisika Imabwezedwa ndi Osauka



Ife a ku Ntcheu, amene timachita malonda ndi abale athu a ku Mozambique pa Lizulu ndi ku Tsangano, titengepo phunziro pa zimene zidawagwera. Mu 2013 ndi 2014, makampani a boma lawo, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, adakongola madola pafupifupi 2 biliyoni. Boma lidalonjeza kudzawabwezera akalephera, popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza adaimitsa chithandizo, metical idatha mphamvu, ndipo adavutika ndi osauka.

Choncho tikupempha kuti kampani iliyonse yoyendetsedwa ndi anthu osankhidwa ndi boma lathu, monga ADMARC, ESCOM ndi NOCMA, chuma chake ndi ngongole zake zizilembedwa pamodzi ndi za boma, kuti aphungu athu aziziona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.